Nyimbo ya Chappell Roan ija: imatonthoza kapena imalasa?

Nachisale88
Anthu inu ndithandizeni, koma tiyankhane bwinobwino osatukwanana. Nyimbo ya Chappell Roan ija, Good Luck, Babe!, yadzaza paliponse. Pa TikTok atsikana akuivina, ena akuiika pa status akangosiyana ndi chibwenzi. Koma mukatchera khutu, woimbayo ndi mkazi ndipo akulankhula ndi mkazi mnzake amene amakondana naye mobisa, pamene mnzakeyo akukana, akuti palibe chilichonse pakati pawo. Chakumapeto akumuuza kuti udzakwatiwa ndi mwamuna, udzadzuka pakati pa usiku utagwira mutu, ndipo udzakumbukira kuti ndinanena. Ndiye ndikufunsa inu eni nkhani: nyimboyi imakutonthozani kapena imakulasani? Ine ndikuimva ngati kuseka munthu amene ali kale m'mavuto.

Kamdothi
Zonse ziwiri asisi. Wosiyidwayo imamutonthoza, wothawayo imamulasa.

DJ_Mphepo
Dikirani kaye. Nyimbo imeneyi ikunena zimenezo?? Ine Loweruka ndinaiika pa bridal shower, azimayi akuluakulu a kumpingo anadzuka n'kuvina mpaka kufupa mkwatibwi. Palibe anadandaula.

Kamdothi
@DJ_Mphepo akanadandaula bwanji poti nyimbo za Chingerezi timangomvera ng'oma 😂

Mphukira
Ndiyankhe ine poti mwafunsa eni nkhani. Sindiimva ngati kunyoza. Ndimamvamo mawu amene ine ndinalephera kunena.

Ndinali ndi mnzanga kuyambira ku koleji. Kwa anthu onse tinali mabesti, kwawo ankanditenga ngati mwana wa m'nyumba, mayi ake ankanditumizira ufa ndi mtedza. Tikakhala awiriwiri zinali zina, koma kukacha ankati zija ndi zachibwana, tisazitchule. Akapita kokasangalala ankaonetsetsa kuti anthu amuona ali ndi mwamuna, usiku womwewo n'kundiimbira foni akulira. Ndiye pamene nyimbo ikunena za kupsompsona anyamata ambirimbiri m'mabala kuti mtima ukhale chete, kwa ine si nthano, ndinaziona ndi maso angawa.

Anakwatiwa. Anandiika mu komiti ya ukwati, mbali ya zokongoletsa. Maluwa a pampando umene anakhalapo ndinamanga ndine. Nthawi ya perekaniperekani MC anaitana anzake a mkwatibwi a ku koleji, ndinadzuka, ndinavina, ndinaponya ma K500 m'lichero monga aliyense, iye maso ali pa keke. Nditafika kunyumba ndinalibe woti ndimuuze kuti chibwenzi changa chatha, chifukwa kwa anthu chibwenzicho kunalibe. Mkazi akasiyidwa ndi mwamuna ali ndi azakhali, ali ndi anzake, ali ndi nyimbo zodzaza wailesi. Ife ngakhale kulira timabisala. Ndiye mtsikana wina akatulukira n'kuimba zimenezi mokweza, mokwiya, osapempha chifundo kwa munthu, musadabwe kuti tikuibwerezabwereza.

Nachisale88
Pepani asisi. Mpaka kukuikani mu komiti, eee.

BamboAChisomo
Ine ndinene zanga ngakhale mundida. Gulu lino tinalowa chifukwa cha nyimbo, osati kudzalimbikitsa khalidwe limene Baibulo limakana ndiponso makolo athu sanatiphunzitse. Mtsikana anakwatiwayo anachita bwino, anatsata njira yoyenera. Nyimbo zakunjazi zikutisocheretsera ana, ndipo kumbuyo kwake kuli boma la America lomwe likufuna kutikakamiza zinthu zimenezi.

Kamdothi
Akulu, za Mphukira zinachitika nyimboyi isanatuluke. Anamusocheretsa ndani?

MnyamataWaMaCD
@BamboAChisomo pa za boma apo mwaphonya. Mu Juni 2024, pa chikondwerero cha Governors Ball ku New York, iye anauza khamu la anthu kuti anaitanidwa kukaimba ku White House pa mwambo wa Pride, chikondwerero cha anthu okondana amuna kapena akazi okhaokha, ndipo anakana. Ananena zimenezo atavala ngati Statue of Liberty. Mukhoza kudana ndi nyimboyo, ndi ufulu wanu, koma wantchito wa boma sakana bwana wake pagulu chonchija.

admin_Gule
Malamulo ndi omwe aja. Kutsutsa n'kololedwa, kutukwana ayi. Ndipo aliyense amene ajambule zolembedwa muno n'kuzipititsa ku gulu lina ndimuchotsa osamufunsa. Mukudziwa nonse mmene kunjaku kulili.

Osandifunsa
Ndatsegula akaunti yatsopano kuti ndilembe izi. Ine ndine winayo, amene nyimboyi ikumuloza chala. Ndili pabanja, ndili ndi mwana.

Nyimboyo ndi yokoma, sindikana, koma ili ndi nkhanza za munthu amene ali ndi kothawira. Woimbayo akulankhula ngati mnzakeyo akungodzinamiza, ngati vuto lonse lili m'mutu mwake. Ine sindinadzinamizepo. Ndinkadziwa bwino lomwe amene mtima wanga unali naye. Ndinakhala pansi n'kuwerengetsa. Bambo anga ndi mkulu wa mpingo. Fizi ya azing'ono anga inkachokera kwa amalume amene akanatitaya tonse tsiku lomwelo. Ntchito yanga ndi yoti mphekesera imodzi yokha ikukwanira. Pamwamba pa izo pali lamulo: gawo 137A limati mkazi ndi mkazi mnzake ndi zaka mpaka 5 kundende, pamene amuna gawo 153 limafika zaka 14. Pa 28 Juni 2024 khoti loona za malamulo aakulu a dziko ku Blantyre linagamula kuti malamulo oletsa amuna okhaokha akhalebe, ofuna kusintha apite ku Nyumba ya Malamulo. Mu Julayi 2023 tonse tinaona atsogoleri a mipingo ndi a Chisilamu akuguba m'misewu kukana zimenezi, ndipo mayi anga anali momwemo atavala yunifolomu yawo ya kumpingo, yomwe ndinawasitira ndine.

Ndiye wina ali ku America aziti ndinakuuza? Anandiuza, inde. Koma sanandiuze kuti ndikagona kuti.

Mphukira
@Osandifunsa sindikukuweruzani asisi, zonse mwanenazo ndikuzidziwa, inenso ndimakhala dziko lomweli. Koma chimene chinandipweteka ine si ukwatiwo. Akanati ndimakukonda koma sindingathe, ndikanalira n'kuvomereza. Iye anati panalibe chilichonse, ndinkangoziganizira ndekha. Mvetserani poyambira pa nyimboyo, mkwiyo wake ukuchokera pamenepo. Sakulimbana ndi mantha a mnzakeyo, akulimbana ndi kufufutidwa.

Osandifunsa
Ine sindinamufufute. Ndinamuuza zoona zonse, ndipo mpaka lero salankhula nane. Ndiye zoonazo zinathandiza chiyani?

MnyamataWaMaCD
Ndiwonjezereko za woimbayo, chifukwa @Osandifunsa mukumuona ngati mwana wobadwira mu ufulu. Dzina lake lenileni ndi Kayleigh Rose Amstutz, anabadwa mu 1998 ndipo anakulira ku Willard, katauni kakang'ono ka ku Missouri, m'banja lopemphera kwambiri. Missouri inali m'gulu la zigawo zochepa za America zimene lamulo lake linkalanga amuna kapena akazi okhaokha basi, ndipo malamulo oterewa anagwa mu 2003 pa mlandu wa Lawrence v. Texas, iye ali ndi zaka 5. Chaka chotsatira, 2004, anthu a ku Missouri anavota kuti maukwati a amuna kapena akazi okhaokha aletsedwe, ndipo ovomereza chiletsocho anapitirira 70 pa 100 alionse. Maukwatiwa anadzaloledwa m'dziko lonselo mu 2015. Ndiye anakula pakati pa anthu omwe anavota aja. Iyenso anakhalapo pazibwenzi ndi amuna asanadzanene poyera kuti amakonda akazi.

Ngakhale ku zoimba sanadutse pofewa. Atlantic Records inamusainira ali ndi zaka 17, n'kudzamutaya mu 2020, patangopita miyezi yochepa atatulutsa Pink Pony Club. Anabwerera kwawo n'kumagwira tintchito wamba. Chimbale chake choyamba chinatuluka mu Sepitembala 2023 osagwedeza kwenikweni, kenako kumayambiriro kwa 2024 ankaimba potsegulira mashoo a Olivia Rodrigo. Iyi inatuluka pa 5 Epulo 2024, anailemba limodzi ndi Dan Nigro ndi Justin Tranter, ndipo inakwera pang'onopang'ono mpaka kulowa mu nyimbo 10 zapamwamba pa Billboard ilibe ndi vidiyo yeniyeni yomwe. Sindikuti Missouri ndi kuno n'chimodzimodzi. Ndikungoti zimene mtsikana wa m'nyimboyo akuopa, woimbayo amazidziwa fungo lake.

Osandifunsa
Zikomo achimwene. Koma iye anakwera ndege n'kupita ku Los Angeles popanda visa. Ine ndipite kuti, ku Mchinji?

WaKuJozi
Anthu amaganiza kuti ukangowoloka Beitbridge basi wamasuka. Pa pepala ndi zoona, kuno maukwati analoledwa mu 2006, ngakhale ku Mozambique anachotsa chilango mu 2015. Koma pitani m'malokeshoni mukaone. Eudy Simelane ankasewera mu timu ya dziko ya Banyana Banyana, aliyense ankamudziwa, koma anamupha mwankhanza kwawo ku KwaThema mu 2008, lamulo lili kale mbali yake. Komanso ife obwera timakhala mounjikana, wa kumudzi kwanu ali chipinda chachiwiri. Ukangooneka pamalo pena Lachisanu, Lamlungu mayi ako kumudzi amva kale. Ine ndine mwamuna, ndili kuno, ndipo chaka chilichonse pa Khirisimasi amalume amandiimbira kuti mpunga tidya liti. Nyimboyi ndikamaimva sindidziwa kuti ndine woimbayo kapena woimbiridwayo, chifukwa nkhani yanga sinathe.

Tsabola_Wakali
Ine chimene chikundinyansa ndi atsikana amene akuiika pa status chifukwa Brian sakuyankha mameseji. Muli ndi nyimbo zikwizikwi za Brian. Iyi yokha tisiyireni.

Nachisale88
Koma nyimbo ili ndi mwini wake? Ikatuluka yatuluka. Ndipo ndi omwewo akuikweza pamatchati.

Tsabola_Wakali
Aimve, avine, sindikuletsa. Koma omwewo mawa akulemba pa Facebook kuti anthu ngati ine tiwotchedwe. Mawu a nyimbo akudziwa pamtima, tanthauzo ayi.

AntiWaKuLeeds
Ana inu mukuyesa zayamba lero. Ife tinakula tikuvina Brenda Fassie pa ukwati uliwonse. Vulindlela ikangolira, kuyambira agogo mpaka atsibweni onse ali m'bwalo, nyimbo ya mayi amene akusangalala kuti mwana wake wamwamuna akukwatira, a miseche atsegule njira. Brenda yemweyo anakwatiwapo ndi mwamuna mu 1989, banja silinakhalitse, ndipo pambuyo pake sankabisa kuti amakondana ndi akazi, manyuzipepala a ku South Africa ankalemba tsiku ndi tsiku. Anamwalira mu 2004 dziko lonse likulira. Palibe m'busa amene ndinamumva akuti tichotse Vulindlela pa ukwati. Tinasankha kumva ng'oma n'kutseka maso pa woimbayo, ndipo @DJ_Mphepo azimayi ako a Loweruka aja akungopitiriza mwambo.

DJ_Mphepo
Anti, Vulindlela mpaka pano ikugwira ntchito. Amapiano akatopetsa akuluakulu ndimangoponya imeneyo, perekaniperekani amadzukanso.

Kamdothi
Amapiano atopetsa tonse, nyimbo mphindi 7 mawu atatu.

WaKuJozi
Usanyoze amapiano uli kutali aise, bwera udzamve log drum pa sipika zenizeni osati ka Bluetooth ka pa msika.

DJ_Mphepo
Wina anditumizire mawu onse a nyimbo ija ku inbox, bundle yanga yatha ndi ma vidiyo a TikTok omwewa.

MayiWaAwiri
Ndawerenga zonse ndipo ndaona kuti pali munthu mmodzi amene nonse mwamudumpha, woimbayonso wamudumpha. Pamene mkazi uja akudzuka usiku atagwira mutu, pambali pake pagona munthu. M'nyimbomo alibe dzina, alibe nkhope, ndi chilango chabe cha mnzake. Ine ndinali munthu ameneyo, kungoti kwa ine anali mwamuna wanga.

Anali wabwino, sanandimenyepo, ana ankawakonda, ndalama ya pakhomo sinkasowa. Koma ndinkadziona ngati ndine wonyansa. Ndinasintha tsitsi, ndinachepetsa thupi, ndinapita kwa alangizi, anandipatsa mikanda ndi malangizo onse amene mukuwadziwa aja. Ndikadandaula kwa ankhoswe ankati banja ndi kupirira, mwamuna wosamwa wosamenya ukufunanso chiyani. Tsiku limene ndinadziwa zoona, chinthu choyamba chimene ndinamva si mkwiyo, unali mpumulo, kuti kani vuto silinali thupi langa. Mkwiyo unabwera pambuyo pake, ndipo sunathe.

@Osandifunsa ndamva masamu anu onse, bambo, fizi, ntchito, ndende. Ndi oona. Koma pa masamuwo munawerengerapo moyo wa munthu wina amene sanafunsidwe. Sindikuti munali ndi njira yophweka. Ndikungoti ngongoleyo simukulipira nokha.

Osandifunsa
Ndilibe choyankha, mayi. Ndimaziganizira tsiku lililonse.

Mphukira
@MayiWaAwiri izi sindinazionepo kuchokera mbali imeneyo. Ine mwamuna wa mnzanga uja ndinkangomuona ngati wakuba.

MayiWaAwiri
Mwina nayenso akusintha mafuta odzola pano, akudabwa kuti walakwa chiyani.

Alto_ya_Kwaya
Ndibwerere ku funso la Nachisale, kuti kodi ndi kuseka munthu. Ine ndimaimba kwaya ndiye ndimamvetsera mmene mawu akuyendera kuposa zimene akunena. Pa ndime zoyamba amaimba motsika, ngati munthu wodziletsa. Pa kolasi amakwera n'kupita ku mawu opyapyala a m'mutu, pamalo pamene woimba aliyense amadziwa kuti mawu akhoza kuthyoka. Munthu amene wachira saimba pamenepo. Kenako mbali ija ya kudzuka usiku amachita kukuwa, ndipo muzindikire kuti ukwatiwo sunachitike, akungoulosera. Ndi munthu amene wakanidwa, wagona yekha, akujambula m'mutu tsiku limene mnzakeyo adzanong'oneze bondo, chifukwa ndi chokhacho chimene chamutsalira. Ndani mwa ife sanachitepo zimenezo atasiyidwa?

Ndiye mverani mathero. Nyimbo za kupambana zimatha ndi mphamvu. Iyi imayamba kuchedwa, kuchedwa, ngati kaseti mu wailesi imene mabatire akutha, mpaka kuzima. Ng'oma ndi makiyibodi ake ndi a zaka za m'ma 1980, owala, ovinitsa, n'chifukwa chake a DJ akupusitsika, koma amene akuimbayo waluza. Ine sindikumvamo kuseka ayi.

Nachisale88
Ndabwereza kumvetsera mathero aja. Zoonadi imafooka. Koma mawu oti ndinakuuza aja akundiwawabe m'malo mwa Osandifunsa.

Tsabola_Wakali
Aziwawa. Nyimbo zathu zonse zizikhala zopepesa? Kwa zaka zambiri zimene ankatipatsa zinali ziwiri: yoti udzikonde mmene ulili, kapena ya mtsikana wopsompsona mnzake mongoyesa kuti anyamata aonere. Iyi ndi ya mkazi amene wapsa mtima ndi mkazi mnzake, monga mmene anthu okondana amapserana mtima. Sakuphunzitsa aliyense, sakupempha kuti mutilandire. Kwa ine chatsopano ndi chimenecho.

WaKuJozi
Apo ndagwirizana nawe. Koma ndikanakonda wina adzaimbe yankho lake, kuchokera kwa wokwatiwayo.

Kamdothi
Ndi ya mwamuna wakeyo. Chimbale chathunthu.

BamboAChisomo
Maganizo anga pa khalidweli sanasinthe ndipo sasintha. Koma za MayiWaAwiri zandikhudza, chifukwa ine ndakhala nkhoswe wa maukwati angapo. Timafunsa za mpingo, za ntchito, za kwawo, timawatumiza kukayezetsa magazi. Mtsikana akakhala chete pa chinkhoswe timati ndi ulemu, waleredwa bwino. Sindikumbukira tsiku limene tinamutengera pambali mwana n'kumufunsa kuti kodi iweyo ukufunadi, kapena ukungotichotsa manyazi. Funso limenelo tiyenera kumafunsa.

Mphukira
Mukamufunsa akulu, iye n'kukuyankhani zoona zake zonse, mudzatani naye?

MnyamataWaMaCD
Ndikuganiza kuti chimene akutanthauza n'choti

Kamdothi
Ayi achimwene, musawayankhire. Afunsidwa ndi iwowo.